Chipilala cha asilikali pamudzi: kodi tingachitsuke tokha?

Mayi wina amene akukhala m'mudzi wina ku England watilembera imelo. Pakati pa mudziwo pali mtanda wamwala wolembedwa mayina a anyamata omwe anafa pankhondo ya 1914 mpaka 1918. Wada ndi ndere, ndipo zilembo zina zayamba kufufutika. Akufunsa chifukwa chake boma limauteteza, komanso ngati iwo ndi anzawo angautsuke ndi makina opopera madzi mwamphamvu.

Mayi, makinawo asayandikire n'komwe. Koma tiyambe ndi funso loyamba lija.

Pankhondo imeneyo boma la Britain linaletsa kubweretsa mitembo ya asilikali kwawo. Bungwe la Imperial War Graves Commission, lomwe linakhazikitsidwa mu 1917, linasamala manda awo konko ku France, Belgium ndi kwina, ndipo ambiri matupi awo sanapezeke n'komwe. Makolo ndi akazi amasiye analibe manda oti akalirepo. Choncho anthu a pamudzi anasonkha okha ndalama, nasankha komiti, nagwirizana za malo, mtundu wa mwala ndi kandandalikidwe ka mayina, ena motsata alifabeti, ena motsata maudindo. Mukaona dzina la banja limodzi litalembedwa katatu, mukuona kukula kwa tsoka limene linagwera khomo limodzi. Mayina a nkhondo ya 1939 mpaka 1945 nthawi zambiri anangowonjezeredwa m'munsi. Phindu la chipilala lili m'mayinawo ndi m'zilembo zimene mmisiri anagoba ndi manja. Zikafufutika, kuyera kwa mwala kulibe ntchito.

Pakati pa 2014 ndi 2018, bungwe la boma losamala zinthu zakale la Historic England linathandiza kuti zipilala zoposa 2,500 zilowe m'kaundula wa zinthu zotetezedwa, zambiri pa Grade II, lomwe ndi gawo lotsika mwa magawo atatu a chitetezocho. Fufuzani chipilala chanucho m'kaundulayo, yemwe dzina lake ndi National Heritage List for England. Ngati chilimo, ntchito iliyonse yosintha maonekedwe ake imafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo chikakhala pabwalo la tchalitchi cha Church of England, chilolezo chimachokera ku dayosizi. Lamulo la 1923 limalola makhonsolo kugwiritsa ntchito ndalama posamalira zipilalazi, ngakhale siliwakakamiza. A War Memorials Trust, bungwe lothandiza kusamala zipilala zotere, amapereka uphungu ndi thandizo la ndalama.

Musanagwire chilichonse, jambulani mbali zonse ndipo koperani mayina onse m'kope. Zilembo zofooka zimaoneka bwino dzuwa likamawomba cham'mbali. Mwiniwake wa chipilala akavomera, tsukani ndi madzi oyera ochepa ndi burashi yofewa, mutayamba mwayesa pakamalo kobisika. Nyengo yozizira kwambiri musatsuke, chifukwa madzi olowa m'ming'alu akaundana amang'amba mwala. Mwala wa granite ndi wolimba, koma wa sandstone ndi wa limestone ndi wofewa: makina aja amasupula khungu la pamwamba, kuthothola zilembo za mtovu ndi kukankhira madzi m'kati. Bulichi amasiya mchere umene umafumbutsa mwala, asidi amadya limestone, ndipo burashi yawaya imasiya tizitsulo tochita dzimbiri. Ndere pang'ono si matenda, n'chizindikiro chabe cha ukalamba.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi simenti. Anthu a mtima wabwino amamata nayo m'mipata, osadziwa kuti ndi yolimba kuposa mwala ndipo salola chinyezi kutuluka, ndiye mwala ndi umene umanyenyeka m'mphepete. Pamafunika dothi la laimu. Mukaona mng'alu wokhala ndi mzere wofiirira, nthawi zambiri ndi chitsulo chogwiriziza miyala m'kati chimene chatupa ndi dzimbiri, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri. Mbale ya mkuwa yolembedwa mayina musaipukute kuti inyezimire. Akatswiri amangoitsuka n'kuipaka phula lapadera. Nkhata za maluwa za pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira omwe anafa pankhondo, musamangirire ndi waya wachitsulo.

Kugobanso zilembo kukhale komalizira, chifukwa kumachotsa ntchito ya mmisiri woyamba. Mayina akafika posawerengeka, pemphani chilolezo choika mwala wina pambali n'kuwalembapo onse.