Kuuka, kudzuka kapena kutsitsimuka?

Funso: Pokonzekera Pasaka, m'kwaya mwathu mwabuka mkangano. Ena akuti tiziimba kuti "Yesu wadzuka", ena akuti "wauka", ndipo mnyamata wina walemba kuti "anatsitsimuka". Cholondola n'chiti? Mlembi wa kwaya, Dedza.

Yankho: A mlembi, "anatsitsimuka" ameneyo mumufufute lero lomwe. Amatsitsimuka ndi munthu amene anakomoka, uja timamuthira madzi ndi kumukupiza ndi chitenje. Mukaimba kuti Yesu anatsitsimuka, mwalalikira kuti sanafe, anangokomoka pamtanda. Pamenepo chikhulupiriro chonse chagwa, chifukwa popanda imfa yeniyeni palibe kuuka. Paulo pa 1 Akorinto 15 sabisa mawu: ngati Khristu sanaukitsidwe, kulalika kuli chabe ndipo okhulupirira akadali m'machimo awo.

"Wadzuka" sindingamukanize ndi mtima wonse, poti Malembo nawonso amatchula akufa kuti ogona. Ku Chipata ndi ku Lusaka m'mawa amapatsana moni kuti "Mwauka bwanji?" pamene ife timati "Mwadzuka bwanji?", kusonyeza kuti mawu awiriwa ndi a mimba imodzi. Koma kuno anagawana ntchito: kudzuka kunatsala pamphasa, kuuka kunapita kumanda. Ine ndimati amene anagawa ndi Buku Lopatulika la 1922. Mibadwo yakula ikumva "Ine ndine kuuka ndi moyo" pamaliro, ndipo khutu linazolowera. Yesani kunena "Ine ndine kudzuka" mumve kupepuka kwake.

Tsinde ndi -uka. Munthu amauka, wina akamuchititsa, wamuukitsa, wochitiridwayo waukitsidwa. "Yesu anauka" ndi "Yesu anaukitsidwa" onse ndi olondola, kungoti wachiwiriyo akuloza kwa Mulungu Atate amene anamuukitsa. Lazaro wa pa Yohane 11, amene anagona m'manda masiku 4, ndi bwino kunena kuti anaukitsidwa, ndipo anabwerera ku moyo womwewu wa njala ndi matenda, imfa ikumudikirabe. Za Yesu, Aroma 6:9 akuti sadzafanso. N'chifukwa chake Paulo amamutcha chipatso choundukula, ndiye kuti choyamba kupsa m'munda, chotsimikiza kuti zokolola zina zikubwera. Achinyamata ambiri mawu oti "choundukula" sawadziwanso, zachisoni.

Chenjerani ndi abale awiri a tsinde limeneli. Kuutsa timakusiyira wogona tulo, mudyo ndi mapiri pachigwa. Kuukira ndi kugalukira kapena kuthira nkhondo, choncho wolemba kuti "Yesu anaukira akufa" wamupatsa mlandu umene sanapalamule.

Koma chimene chimandikoma kwambiri ndi "kwa". Mu "anauka kwa akufa", "kwa" akuloza malo, monga timanenera kuti "wachokera kwa amalume": Yesu anachoka pakati pa akufa. Mu "tiyembekeza kuuka kwa akufa", "kwa" ndi waumwini, monga mu "kulira kwa mwana": akufawo ndiwo adzauke. Kalembedwe n'kamodzi, ziphunzitso n'ziwiri, china chinachitika kale, china chili m'tsogolo. Mukaopa kusokoneza anthu, lembani kuti "kuuka kwa Yesu" mukamanena za Pasaka. Ndipo likhale Pasaka ndithu. "Isitala" ndi zikwangwani zachingerezi za pazipata za matchalitchi zija sindiona chimene zikutiwonjezera.

Pa nyimbo yanuyo sankhani "wauka", osati "anauka". M'Chichewa "wabwera" amatanthauza kuti munthuyo alipo mpaka pano, pamene "anabwera" angathe kukhala kuti anapitanso. "Anauka" musungire vesi yofotokoza za tsiku lachitatu lija, koma pakolasi pakhale "Yesu wauka".