Ndinakulira m'katauni kamene kakufa: ndingakadzutse bwanji?

Wowerenga wina watumiza imelo yofunsa kuti: "Kwathu holo ndi masitolo akale zinatsekedwa kalekale, ndipo mtima umandipweteka ndikamadutsapo. Kodi kukonza nyumba zotere ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo? Ndiyambire pati?"

Ndi ntchito ndithu, achemwali, ndipo muli kale ndi chimene injiniya wochokera kutali alibe. Mukudziwa mwini wa nyumba iliyonse, mbali ya msewu imene anthu amakonda kuyenda, komanso munthu amene akayankhula pamsonkhano onse amakhala chete. Luso lokha ndi limene katauniko sikanakupatseni.

Musayambe ndi njerwa. Funsani kaye kuti nyumbayo ikatha adzalowemo ndani, nanga denga likadzadontha adzalipire ndani. Nyumba yokonzedwa bwino koma yopanda ntchito imabwerera kukhala bwinja. Ku America, bungwe la National Trust for Historic Preservation linayesa pulogalamu yodzutsa matauni ang'onoang'ono yotchedwa Main Street mu 1977 m'matauni atatu, Galesburg, Madison ndi Hot Springs, ndipo silinangopaka penti: kukonza nyumba kunkayendera limodzi ndi kusonkhanitsa eni mabizinesi ndi kukopa ogula. Mapepala a umwini muwaonenso musanagule ngakhale msomali, chifukwa nyumba yamasiye imene abale akuilimbirana idzakudyerani zaka.

Tsono mdani wamkulu ndi madzi. Kaioneni nyumbayo mvula ikugwa, osati dzuwa likuswa mtengo. Yang'anani podontha, mitengo ya denga yofumbwa ndi chiswe, ndi dothi limene launjikana m'mbali mwa khoma. Dothilo lichotsedwe mpaka likhale masentimita 15 pansi pa mzere wa m'munsi mwa khoma umene umatchinga chinyezi kuti chisakwere, ndipo litsetserekere kunja.

Ambiri amalakwitsa pa simenti. Nyumba zambiri zakale za njerwa zinamangidwa ndi laimu kapena dothi, zimene zimalola khoma kupuma. Mukamata simenti, chinyezi chimatsekeredwa mkati, kenako chimatulukira m'njerwa, nkhope ya njerwa n'kuyamba kufufutika ngati ufa, simentiyo ili gwa. Gwiritsani ntchito laimu muyezo umodzi ku miyezo itatu ya mchenga. Pomatanso pakati pa njerwa, mpatawo muugobe kuya kwake kuwirikiza kawiri kukula kwake, munyowetse, mudzazemo laimuyo, kenako mufunditse ziguduli zonyowa kwa masiku angapo. Ikauma msanga imang'aluka. Amisiri ena adzakusekani kuti mukuchedwa, alekeni aseke.

Mng'alu musathamangire kuutseka. Lembani kachizindikiro mbali zonse ziwiri pamodzi ndi deti, muziyeza mwezi ndi mwezi. Ukamakula, kapena ukapitirira mamilimita 5, itanani injiniya aone maziko. Malata a asibesitosi musawadule kapena kuwaboola, poti fumbi lake ndi loopsa, ndipo penti wakale musamupale wouma, mwina ali ndi mtovu.

Pa bajeti onjezani 15 kapena 20 peresenti yapadera, poti mukasenda pulasitala simulephera kupeza chimene simunachiwerengere.

Za maphunziro, khomo lingakhale umisiri womanga, kujambula mapulani a nyumba kapena kukonza mapulani a mizinda. Musanasankhe, gwirani chaka chimodzi pansi pa mmisiri wodziwa nyumba zakale. Loweruka likubwerali tengani kope ndi tepi yoyezera, muyende msewu umodzi wokha, mulembe nyumba iliyonse yotsekedwa, mwini wake, ndi pamene madzi akulowera.