Za GPS ija, msuweni

Eee msuweni, ndi ine. Ndauwona uthenga wako pagulupu... dikira ndichepetse wailesi. Eya. Akuti "GPS yosavuta yoika m'galimoto ndi iti, Garmin kapena TomTom?" Iwe! Ukanangonena kuti wagula galimoto basi. Tamva, tasangalala. Komanso funso limeneli si la mu Joni ayi, misewu ya kumeneko umaidziwa ndi kumutu. Iwe ukufuna kubwera nayo kumudzi Disembala uno, wekha pa chiwongolero, ndiye ukaganiza zodutsa pa Beitbridge mtima ukuti phaa. Ndanama?

Usandikumbutse amalume, bambo ako aang'ono aja. Ukukumbukira kagalimoto kawo ka ku Japan kaja, kamene anakakatenga okha ku Dar es Salaam n'kulowa nako pa Songwe? Kanali ndi sikirini pakatipa. Akangoliza injini, mayi wina ankayamba kulankhula m'menemo, mwaulemu wake, koma Chijapani chokhachokha. Amalume ankayankha! "Zikomo mayi, tadzuka." M'mawa uliwonse. Mpaka azakhali ananena kuti ulemu umenewo iwo sanaulandirepo chikwatiwire. Wailesi nayo inkathera pa 90, chifukwa mawailesi akale a ku Japan amayambira pa 76 n'kulekera pomwepo, ndiye masiteshoni ambiri akuno osagwira mpaka anakaikitsa kachipangizo kaja kokweza manambala.

Ndiye tsiku la chinkhoswe chija, cha ku Ntcheu... ayi, osati chimene unakana kubwera chija, chinacho. Amalume anauza aliyense kuti musavutike kulongosola njira, galimotoyi ikudziwa. Tinadzazana mmenemo, mtanga wa ufa pamiyendo, nkhuku kumbuyo. Titapatuka mu M1 kulowa msewu wafumbi, ine kuyang'ana pa sikirini: kamuvi kakungoyandama pamalo opanda kanthu, kopanda msewu, kopanda dzina la mudzi, m'mbali muli zilembo zoti palibe angawerenge. Amalume akuti "akuganiza kaye, musamusokoneze". Tinazungulira mpaka dzuwa kupendeka, nkhuku ija ikungolira. Anatipulumutsa ndi mnyamata wa kabaza amene anatsogola ife tikumutsatira pang'onopang'ono. Tikufika, anthu atayamba kale kudya. Koma amalume mpaka lero amati mayi uja ankanena zoona, vuto ndife osamva chilankhulo.

Aa, ndimati chiyani? Eya. Makina aja sanali owonongeka. Ankadziwa bwinobwino pamene tili, chifukwa GPS imamva kuchokera ku masetilaiti, siifuna netiweki kapena bandulo. Chimene analibe ndi mapu akuno, munali a ku Japan okha. Nkhani yonse yagona pa mapu, msuweni. Kaya dzina la chipangizo ndi liti.

Ndiye tamvera. Foni yakoyo ikukwanira. Usananyamuke, uli pa Wi-Fi, tsegula Google Maps, pita pa Offline maps, udawuniloderetu zigawo zonse za ulendo: N1 kudutsa Polokwane ndi Musina, kenako Masvingo, Harare, Mutoko mpaka Nyamapanda, ndiye mbali ya Mozambique, Changara, Tete, Moatize, Zobue, n'kutulukira pa Mwanza. Sizilowa kamodzi, uzidula zigawozigawo. Uikenso ina yosungira ngati Organic Maps kapena OsmAnd, zimenezi umatenga dziko lonse lathunthu. Ukangowoloka Limpopo layini yako ya ku Joni iyamba kukudya ndalama za roaming, ndiye uzimitse data, mapu azigwirabe ntchito. Chimene sudzaona popanda data ndi za kuchuluka kwa magalimoto panjira. Ku Tete uyang'anitsitse, pa Zambezi pali milatho iwiri, wakale uja wa Samora Machel m'tauni ndi wa Kassuende umene anatsegula mu 2014, usangotsata malole osadziwa kumene akulowera.

Ugule chogwirira foni cholimba, osati tija timagwa pa bampu yoyamba, ndi chaja yabwino. Usaimate pagalasi pomwe dzuwa likumenya. Kutentha kwa ku Tete ukukudziwa, foni imazima yokha.

Ngati mtima wako uli pa chipangizo chapadera, poti ndimakudziwa iwe, umafuna zooneka... chabwino, tenga Garmin Drive, ya sikirini ya mainchesi 5 ikukwana, zolemba zake n'zazikulu, mabatani ake ochepa. Koma usanalipire, m'sitolo momwemo, lembamo Nyamapanda. Lembanso Zobue. Ikapanda kuzipeza, ibweze pashelefu. Osagula ya munthu wochokera nayo ku UK, imeneyo ikhala nkhani ya amalume ija. Ena amaikamo mapu a Tracks4Africa, amathandiza pa misewu yafumbi.

Ndiye ndabwereza: mapu alowe usananyamuke, ndipo akhale a mayiko onse anayi, Malawi yemwe. Kuchoka pa Zalewa kupita kwathu sindikuuza, ukasochera pamenepo usadzatchulenso kuti ndiwe msuweni wanga.

Mwamva nonse pagulupu pano, ndamuuza: mapu kaye. Ndalama ya Garmin ugulire agogo bulangete lija unalonjeza chaka chatha. Ndipo tumiza chithunzi cha galimotoyo, tione ngati ilidi yako.