Yankho kwa mphunzitsi wa gitala: nyimbo za eni ake ndi khodi ya app yanu

Aphunzitsi,

Kalata yanu ndaiwerenga. Mwati munalipira mnyamata wodziwa makompyuta kuti akupangireni app yophunzitsira gitala, yomwe ophunzira amalipira mwezi ndi mwezi. Mwaikamo nyimbo za oimba otchuka zoti aziyeserera, ndipo mavidiyo anu awiri pa YouTube agwidwa ndi Content ID, makina a YouTube ofufuza nyimbo za eni m'mavidiyo. Pamwamba pa izo, mnyamatayo akukaniza khodi, malangizo a pakompyuta amene analemba kuti appyo igwire ntchito, akuti ndi yake. Mukufunsa ngati kunena kuti ndinu mphunzitsi sikukutetezani.

Sikukutetezani mmene mukuganizira. Pangano la Berne la 1886, loteteza umwini wa zolemba ndi nyimbo, lomwe maiko oposa 180 analowamo, m'ndime 10 limalola kugwiritsa ntchito luso la wina pofotokozera phunziro, koma mutenge chokhacho chimene phunzirolo likufuna, ndipo mutchule mwini wake. Dziko lililonse limalemba malire ake, koma mfundo ndi yomweyo. Kuimba mizere iwiri m'kalasi kuti wophunzira aone mmene zala zimachokera pa G kupita pa C, palibe angakuvutitseni. Kuika nyimbo yonse mu app yolipiritsa, munthu n'kumaimvera ali gone pabedi, apo mwasanduka wogulitsa katundu wa eni.

Ndipo eni akewo ndi awiri. Alipo wopeka mawu ndi maimbidwe, alinso mwini wa chojambulidwacho, yemwe kawirikawiri ndi kampani. Mukaiimba nokha ndi gitala yanu, wachiwiriyu mwamuzemba, koma wopekayo akadali pakhomo. Umwini wake umatha patapita zaka zosachepera 50 iye atamwalira, ndipo ku Ulaya ndi ku America ndi zaka 70. Beethoven anamwalira mu 1827, choncho nyimbo zake phunzitsani mmene mungafunire. Koma chimbale chomwe gulu lina linajambula zaka zapitazi chili ndi mwini, musachikhudze. Chenjeraninso pa ichi: chilolezo cha bungwe lotolera ndalama za oimba nthawi zambiri chimakhudza kuimba pagulu. Kuphatikiza nyimbo ndi vidiyo kumafuna chilolezo china, chochokera kwa wopekayo kapena kampani yomuimira.

Za YouTube musathamangire. Content ID si mlandu, ndi makina chabe amene azindikira nyimbo, ndipo kawirikawiri ndalama za malonda zimangopita kwa mwini wake. Mutha kutsutsa, iye ali ndi masiku 30 oti ayankhe. Koma akakwiya n'kupempha kuti vidiyo ichotsedwe, mumalandira chenjezo, ndipo machenjezo atatu amatseketsa tchanelo. Njira yotsutsira kuchotsako imachokera m'lamulo la ku America la DMCA la 1998: mumalumbira kuti vidiyoyo yachotsedwa molakwika, ndi kuvomera kuti khoti la kumeneko litha kuweruza nkhaniyo. Anthu ambiri amadina batanilo osawerenga. Inu musatero, chifukwa nyimbozo si zanu. Zichotseni, muikemo zopeka nokha kapena zomwe umwini wake unatha.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi khodi. Pangano la maiko la za malonda la TRIPS la 1994 limati pulogalamu ya pakompyuta imatetezedwa ngati buku, ndipo m'malamulo a maiko ambiri mwini woyamba ndi amene analemba. Akadakhala wantchito wanu wolandira malipiro a pamwezi, nkhani ikadakhala ina. Koma munthu woima payekha, m'maiko ambiri umwini umatsala m'manja mwake pokhapokha ataupereka polemba ndi kusaina. Ndalama zanu mwina zinangogula ufulu wogwiritsa ntchito appyo. Zimawawa, ndikudziwa, koma mnyamatayo sakubwebweta.

Sonkhanitsani malisiti ndi mauthenga onse a pa WhatsApp, makamaka pamene munakambirana mtengo. Mwina penapake analemba kuti zonse zidzakhala zanu. Kenako musayambire kukhoti. Khalani naye pansi, mumuonjezere kangachepe ngati kuli kofunika, asaine chikalata chopereka umwini wa khodi kwa inu. M'chikalatamo mulembenso kuti akupatseni akaunti ya Google Play yomwe appyo inalembetsedwa, ndi mapasiwedi onse, komanso atchule khodi ya ena yomwe anabwereka pamodzi ndi ziphaso zake. Akakana, mubwere ndi mapepalawo timulembere kalata yomupatsa masiku 14.