FUNSANI AZAKHALI: Andikaniza foni ya kontilakiti ku Joni, akuti dzina langa lili pa blacklist

Azakhali moni. Ine kwathu ndi ku Balaka koma ndili ku Joni chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano, ndimagwira ntchito pa fakitale ina ku Germiston ndipo mapepala anga ali bwinobwino. Mwezi watha ndinapita kushopu ina kukatenga foni ya kontilakiti, mtsikana wapakauntala analowetsa nambala ya pasipoti yanga mu kompyuta kenako anangopukusa mutu amvekere simungatenge, dzina lanu lili ndi ngongole. Ine ngongole yomwe ndinatengapo ndi akaunti ya zovala basi, ndinamaliza kulipira 2021 ndipo malisiti ndikusunga mpaka pano. Mnzanga wandilumikiza ndi munthu wina wa pa Facebook akuti ndimupatse R1,500 andichotsa pa blacklist pamasiku atatu okha. Kodi ndimupatse? J.M., Germiston

Achimwene, ndalama imeneyo musapereke, ikhale m'thumba mwanu kapena muitumize ku Balaka akagulire feteleza. Zonse zomwe munthu ameneyo angachite movomerezeka inuyo mutha kuchita nokha osalipira ngakhale R1, ndipo ngati akufuna kuchita za ukathyali ndiye mwangomupatsa kope ya pasipoti yanu mlendo amene simukumudziwa nkomwe nkhope yake. Nkhaniyi imandiwawa chifukwa anthu athu ambiri ali uko amangomva mau oti blacklist nkuchita mantha ngati ndi mlandu wa kupolisi, chonsecho lipoti lawo sanalionepo ndi kamodzi komwe.

Chomwe mtsikana uja amaona pa kompyuta ndi lipoti lochokera ku ma credit bureau, makampani omwe ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya momwe munthu aliyense amabwezera ngongole. Ku South Africa odziwika kwambiri ndi TransUnion, Experian ndi XDS. Mabanki, mashopu a zovala ndi mipando, makampani a mafoni, onsewa amatumiza kumeneko mwezi ndi mwezi kuti wakuti walipira kapena sanalipire. Ndiye pali lamulo la National Credit Act la 2005, lomwe linayamba kugwira ntchito lonse mu June 2007, gawo 72 la lamuloli limati munthu aliyense ali ndi ufulu woona lipoti lake kwaulere kamodzi pa miyezi 12 iliyonse, ndipo ndi ku bureau iliyonse payokhapayokha. Lamulo likuti munthu aliyense, silikufunsa kuti munabadwira kuti.

Yambani ndi kushopu komwe anakukanizaniko. Gawo 62 la lamulo lomwelo limati mukapempha, kampani yopereka ngongole ikuyenera kukulemberani chifukwa chenicheni chomwe akukanirani, ndipo ngati chifukwa chake ndi lipoti loipa akuuzeni dzina la bureau yomwe anatengako. Izi zikupulumutsani kuzungulirazungulira poti ma bureau sasunga zinthu zofanana ndendende, kwina dzina lanu litha kukhala loyera pomwe kwina lathimbirira. Mukadziwa kuti ndi iti pitani pa webusaiti yawo yeniyeni kapena aimbireni foni. Malo ambiri olembetsera pa intaneti anawapangira anthu a ID ya ku South Africa ya manambala 13 ija, ndiye inu wa pasipoti musadabwe ikakukanani, tumizani imelo kapena imbani, akupemphani kope ya pasipoti ndi pepala loonetsa komwe mukukhala. Ndipo musangothera pa imodzi, tengani malipoti onse atatu poti ndi aulere.

Likafika lipotilo khalani pansi madzulo ndi cholembera, muliwerenge mzere ndi mzere ngati momwe mumawerengera pepala la malipiro kuntchito, osathamangira kuona sikolo yokha, kutanthauza malikisi omwe bureau imakupatsani potengera kalipiridwe kanu. Poyamba onani dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti. Apa mpomwe ife a pasipoti timagwera m'mavuto, chifukwa mukatenga pasipoti yatsopano nambala imasintha, ndiye zimatheka kuti akaunti munatsegula ndi nambala yakale, kulipira munamaliza, koma mbiri yanu yagawikana pawiri. Komanso maina athuwa, a Banda, a Phiri, a Mwale alipo ankhaninkhani, kalaliki akalakwitsa nambala imodzi ngongole ya Phiri wina imadzakhala pamutu panu. Onaninso ma adiresi ndi malo antchito, mukapeza adiresi ya ku Durban inu simunapondeko ku Durban dziwani kuti pali china chake.

Kenako maakaunti. Akaunti ya zovala ija ikuyenera kuoneka kuti inatsekedwa ndipo palibe chotsala. Ngati ikuonetsabe ndalama, mwina shopu sinatumize uthenga woti munamaliza, mwinanso panatsala timandalama tochepa ta fizi ya pamwezi kapena inshuwalansi ya akaunti tomwe tinapitirira kuchuluka inu mukuganiza kuti nkhani inatha. Zimenezi zimachitika kwambiri, munthu amalipira zonse koma akaunti osaitseka. Onaninso ngati pali akaunti yomwe simunatsegule inu, chigamulo cha khoti chomwe simukuchidziwa, ndi mndandanda wa makampani omwe anafufuzapo dzina lanu. Kampani yomwe simunapiteko ikamafufuza dzina lanu ndiye kuti wina akuyesa kutenga ngongole ndi mapepala anu. Si nthano ayi, mu 2020 Experian inavomera kuti zambiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni zinagwera m'manja mwa wakuba, ndipo mu 2022 TransUnion nayo inathyoledwa ndi akuba a pa intaneti.

Palinso nthawi yomwe chinthu chimaloledwa kukhala pa lipoti. Chizindikiro choti munalephera kulipira chimakhala chaka chimodzi, chigamulo cha khoti zaka 5, mbiri ya kalipiridwe ka mwezi ndi mwezi zaka 5. Mukalipira ngongole yonse, mwini ngongole akuyenera kudziwitsa ma bureau pasanathe masiku 7 ndipo iwo achotse chizindikiro choipacho pasanathe masiku 7 ena. Ndiye inu amene munamaliza 2021, chizindikiro cha kulephera kulipira chikadalipo lero ndi cholakwika poyera.

Mukapeza cholakwika kadandauleni ku bureau komweko, ndi ulere. Tumizani malisiti aja, ndipo chabwino koposa pitani kushopu ya zovala ija akupatseni kalata yoti munamaliza kulipira, iwo amati paid-up letter. Akupatsani nambala ya dandaulo, ilembeni penapake musaitaye chifukwa popanda iyo kutsogoloku simuthandizidwa. Kuyambira pamenepo bureau ili ndi masiku 20 ogwira ntchito, ndiye kuti pafupifupi mwezi, kuti ipeze umboni weniweni woti ngongoleyo ndi yanu, ikalephera ikuyenera kufufuta. Udindo wobweretsa umboni uli kwa iwo, ndipo nkhani ikadali mkati saloledwa kumauza ena zomwe mukutsutsazo. Funso lina loti muwafunse nali, kampani isanatumize dzina lanu ngati munthu wolephera kulipira imayenera kukuchenjezani masiku 20 ogwira ntchito zisanachitike, kodi chenjezolo analitumiza kuti, liti?

Masiku 20 akatha osayankhidwa kapena yankho lawo simukugwirizana nalo, tengani nambala ija mupite nayo ku National Financial Ombud Scheme. Kale ofesi yake inali Credit Ombud koma kuyambira March 2024 anaiphatikiza ndi ya mabanki ndi za inshuwalansi. Nakonso salipiritsa. Palinso National Credit Regulator ku Midrand yomwe imayang'anira ma bureau onsewa.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, pakhoza kupezeka ngongole yakalekale ndipo anthu otolera ngongole ayamba kukuimbirani kuti lipirani ka R50 kokha tikonze. Musathamangire. Ngongole zambiri za m'mashopu ndi mafoni zikatha zaka 3 osalipirako, osavomera kuti ndi yanu komanso osakusumirani kukhoti, zimafa pamalamulo ndipo kuyambira 2015 nkoletsedwa kuzitolera. Ngongole ya nyumba kapena yomwe khoti linagamula kale ndi nkhani ina, imeneyo imakhala zaka 30.

Tsopano achimwene ndikufunseni monga zakhali wanu, ndipo mudziyankhe nokha moona. Pasipoti yanu kapena kope yake munabwerekapo munthu? Ndikudziwa momwe zimakhalira uko, mphwanu wangofika kumene alibe mapepala, akupemphani kuti mumutengere foni kapena bedi pa dzina lanu adzilipira yekha, inu chifundo nkuvomera, iye walipira miyezi itatu wasamukira ku Cape Town foni yazima. Ngati munasaina ndinu, imeneyo si yolakwika ayi, bureau sichotsa, wa pa Facebook uja sangachotse, ndi yanu ndipo njira yake nkukambirana ndi kampaniyo momwe mungalipirire pang'onopang'ono. Koma ngati wina anagwiritsa ntchito mapepala anu inu osadziwa, pitani kupolisi mukalembetse chikalata cholumbira, mutengenso nambala ya mlandu, muziphatikize ku dandaulo lanu, kenako mulembetse dzina ku Southern African Fraud Prevention Service, nakonso ndi ulere, kuti wina akabwera ndi pasipoti yanu kushopu ayambe amufunsitsitsa kaye asanamupatse kanthu.

Lipoti likafika ndipo pali mzere womwe simukuumvetsa mundilemberenso, koma nambala ya pasipoti muiphimbe musanatumize chithunzicho.