Mapu a minda ya GMO: amathandiza ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Anafunsa kuti: "Ndamva kuti kumayiko ena boma limaika pa intaneti mapu oonetsa minda yomwe mwadzalidwa mbewu za GMO. Kodi n'zoona? Nanga kumeneku si kumuyalutsa mlimi ndi kumuika pachiswe?"

Mayi, zimene mwamvazo n'zoona. Lamulo la mayiko a European Union la chaka cha 2001 limati dziko lililonse likhale ndi kaundula wa malo omwe pakudzalidwa mbewu za GMO, kutanthauza mbewu zosinthidwa chibadwa, ndipo anthu azidziwitsidwa. Dziko lomwe linaitenga nkhaniyi mwamphamvu ndi Germany. Kuyambira mu 2005, ofesi ya boma yotchedwa BVL imasunga kaundula wotchedwa Standortregister. Mlimi wofuna kudzala chimanga cha GMO ankayenera kulembetsa munda wake kutatsala miyezi itatu kuti adzale. Mukatsegula kaundulayo mumaona dera, nambala ya munda monga ilili m'mabuku a malo, kukula kwake, ndi dzina la mbewu yomwe ili m'mundamo. Dzina la mlimi ndi adiresi yake siziikidwa poyera, zimaperekedwa kwa munthu yekhayo amene ali ndi chifukwa chomveka chozifunira. Koma tisanamizane, m'mudzi waung'ono mukadziwa munda mwadziwanso mwini wake.

Gwero la zonsezi ndi mungu. Chimanga chimabereka mphepo ikauluza mungu kuchoka kungayaye n'kukautera pandevu za chisononkho, ndipo mphepo sidziwa malire a munda. Ku Europe chakudya chikakhala ndi GMO wopitirira 0.9 peresenti chimayenera kulembedwa kuti chili ndi GMO. Tsono taganizirani mlimi woyandikana naye amene analonjeza ogula kuti chimanga chake chilibe GMO. Mungu ukalowa wambiri, msika wake wapita, chikhalirecho iye sanalakwe kanthu. N'chifukwa chake mu 2008 Germany inalamula kuti chimanga cha GMO chitalikirane mamita 150 ndi chimanga wamba, ndiponso mamita 300 ndi cha alimi olima popanda mankhwala ndi feteleza wa kufakitale. Wodzala GMO ndiye ankalipira chipukutamisozi mnzake akaluza, ngakhale atatsata malamulo onse. Nanga popanda mapu, woluzayo akadziwa bwanji khomo loti akagogode?

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya alimi a njuchi. Njuchi simungaiuze kuti ithere pa mamita 300, imauluka makilomita angapo. Karl Heinz Bablok, mlimi wa njuchi wa m'chigawo cha Bavaria ku Germany, anali ndi ming'oma pamtunda wa mamita 500 kuchokera paminda ya boma yomwe ankayeserapo chimanga cha MON810, chija kampani ya Monsanto inachipanga kuti chizipha kapuchi. Mu 2005 zizindikiro za chimangacho zinapezeka mu mungu wa m'ming'oma yake ndi mu uchi wina. Mlandu unayenda mpaka kukhoti lalikulu la European Union, lomwe mu 2011 linagamula kuti uchi wotere sungagulitsidwe popanda chilolezo. Lamulo la uchi analisinthanso mu 2014, koma iyo ndi nkhani ya tsiku lina. Kwa munthu ngati ameneyu, mapu ndiwo amamuuza kuti asamutse ming'oma chimanga chisanamasule.

Tsopano mantha anu aja, ndipo sindikuwapeputsa ayi. Otsutsa GMO nawonso ankawerenga kaundula yemweyo. Ku France gulu la Faucheurs volontaires, lomwe José Bové anali m'modzi wa atsogoleri ake, linkalowa m'minda n'kuzula chimanga anthu akuona. Ku Germany nakonso minda inkapondedwapondedwa usiku, ndipo mu 2008 munda woyeserapo tirigu ku Gatersleben unawonongedwa. Wasayansi wadikira zaka kuti aone zotsatira, m'mawa akupeza mbewu zili lambilambi pansi. Ine zimenezi sindigwirizana nazo m'pang'ono pomwe, makamaka kuwononga minda yoyeserera, poti ndi momwemo mungachoke yankho lakuti mbewuzi zili ndi vuto kapena ayi.

Makhoti anaiyeza nkhaniyi kawiri konse. Mu 2009, pamlandu wochokera m'tauni ya Sausheim ku France, khoti la European Union linati malo oyeserapo GMO sangabisidwe, ngakhale akuluakulu atanena kuti akuopa chisokonezo. Mu Novembala 2010 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la Germany linakana dandaulo la boma la chigawo cha Saxony-Anhalt, n'kunena kuti kaundulayo ndi wovomerezeka. Ine ndili kumbali ya oweruzawo. Wowononga munda alipo apolisi oti amugwire, koma mlimi amene sakudziwa chomwe chadzalidwa tsidya la malire ake alibe podzitetezera. Komanso boma likayamba kubisa, ngakhale anthu amene analibe nazo ntchito amayamba kufunsa kuti kodi kukubisidwa chiyani.

Si mayiko onse amachita chimodzimodzi. Australia imaonetsa pamapu malo oyeserera okha. Ku United States, komwe chimanga ndi soya wochuluka zedi ndi wa GMO, kulibe mapu otere a minda ya alimi, ndipo akanakhalapo akanangodzaza chigawo chonse cholima chimanga.

Mukafuna kukaona nokha kaundula wa ku Germany, musadabwe mukapeza zaka zaposachedwapa zili mbee. Mu 2008 munali mahekitala opitirira 3,000 a MON810, ambiri mwa iwo kum'mawa kwa dzikolo monga ku Brandenburg. Mu Epulo 2009 nduna ya zaulimi, Ilse Aigner, inaletsa chimangacho. Mbatata ya Amflora ya kampani ya BASF inadzalidwa pang'ono mu 2010 ndi 2011, kenaka zii. Ku European Union komwe MON810 akulimidwabe kwambiri ndi ku Spain, makamaka ku Aragon ndi Catalonia. Tsono mukatsegula wa ku Germany uja, Mayi, sankhani chaka cha 2008 kuti muone mmene unkaonekera muli minda.