Yankho kwa azakhali pa za manda akale a ku Paola

Azakhali, ndamva funso lanu lija loti mukabwera kuno ku Malta mungathe kukaona manda akale apansi panthaka pamodzi ndi mdzukulu wanu, komanso ngati n'koyenera kuti munthu wamoyo azikayenda pamene panagona akufa.

Malowo amatchedwa Ħal Saflieni Hypogeum ndipo ali m'tauni ya Paola, kunsi kwa nyumba za anthu. Anapezeka mu 1902 pamene amisiri ankakumba zitsime zosungira madzi a nyumba zatsopano. Anthu akalewo anayamba kusema thanthwelo zaka pafupifupi 4000 Yesu asanabadwe, alibe chitsulo, ndi miyala yakuthwa ndi nyanga za nyama basi, mpaka anafika pa zipinda zosanjikizana katatu, chakunsi kwenikweni chili mamita oposa 10 kuchokera pamwamba. Akatswiri amati munaikidwa anthu pafupifupi 7,000.

Mdzukuluyo sadzaloledwa, chifukwa ana osakwana zaka 6 salowa. Ngakhale akuluakulu amalowa khumi okha pa ulendo umodzi, ndipo zithunzi sajambula. Chifukwa chochepetsera anthu chonchi ndi mpweya umene timapuma ndi chinyezi cha m'thupi mwathu, zimene zimafufutitsa zojambula zofiira za kudenga, mizere yopotana ngati nsonga za mpesa imene anaipaka ndi dothi lofiira. Mukadzaima m'chipinda chotchedwa Oracle Room mudzaona kabowo kosemedwa pakhoma, kamene mwamuna wa mawu aakulu akalankhuliramo, mawuwo amamveka kunjenjemera m'zipinda zina.

Pa funso lanu lachiwiri ndalingalira kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti kwathu munthu salowa kumanda popanda chilolezo cha amfumu. Ine ndikuona kuti mukhoza kupita ndi mtima wokhazikika. Mafupawo anachotsedwa kalekale, gulu limakhala laling'ono, ndipo anthu amayenda mwachifatse m'kanjira kamodzi osakhudza makoma. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti anthu amenewa anasemera akufa awo zitseko ndi mizati yofanana ndi ya akachisi awo apamtunda, ntchito yotenga mibadwo yambiri.

Kachifanizo kadothi ka mayi wogona chammbali kamene kanapezeka m'menemo kali kunyumba yosungirako zakale ku Valletta, ndipo kumeneko mwanayo tikhoza kupita naye. Chonde munditumizire msanga masiku a ulendo wanu, chifukwa matikiti a Heritage Malta, bungwe loyang'anira malowo, amatha kudakali milungu ingapo.